Makampani 14 a maloya anandikana, chaka chotsatira imodzi inanditenga

Kuyambira mu Okutobala 2022 kufikira kumapeto kwa Januwale 2023 ndinatumiza mafomu ofunsira malo kumakampani 14 a maloya a zamalonda mumzinda wa London, ndipo onse 14 anandikana. Ena anayankha patangotha masabata awiri, ena anakhala chete miyezi itatu, koma mawu a m'maimelo awo anali amodzimodzi: ankathokoza kuti ndaonetsa chidwi, n'kunena kuti ofunsira achuluka kwambiri moti sangathe kuuza aliyense payekha pamene walakwitsa. Panthawiyo n'kuti ndikuchita digiri yachiwiri ya zamalamulo kumpoto kwa England, nditamaliza yoyamba ku Zomba ndi kugwirako ntchito miyezi ingapo pa kaofesi kena ka maloya ku Blantyre, ndipo mumtima ndinkadziyesa munthu wodziwa malamulo mokwanira. Chaka chotsatira ndinafunsira makampani 6 okha, awiri anandiitana, imodzi n'kundipatsa malo. Popeza achinyamata anzanga ochokera kumudzi amene akuphunzira kuno akhala akundifunsa chimene chinasintha pakati pa zaka ziwirizi, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse pamalo amodzi kusiyana ndi kumayankha mmodzimmodzi pa WhatsApp.

Ndiyambe ndi dongosolo lenilenilo, chifukwa ndi losiyana ndi la kwathu. Ku Malawi munthu akavomerezedwa kukhala loya amatha kulemba pangano la malonda m'mawa, masana n'kukaimira munthu kukhoti. Ku England ndi Wales ntchitoyi anaigawa pawiri: pali ma barrister, amene kwenikweni ndi oyankhula m'khoti, ndipo pali ma solicitor, amene amakhala pafupi ndi makasitomala tsiku ndi tsiku, kuwalangiza ndi kuwalembera mapangano. Makampani akuluakulu a zamalonda ndi a ma solicitor, ndipo khomo lolowera m'menemo ndi chimene amachitcha training contract, zaka ziwiri zophunzira ntchito uku ukulandira malipiro, zomwe m'makampani ambiri amazidula m'magawo anayi a miyezi 6. Gawo lililonse amalitcha seat, ndipo wophunzirayo amasuntha, mwachitsanzo kuchoka kudipatimenti yoona za kugula ndi kugulitsa makampani kupita ku ya ngongole za mabanki, kenaka ku ya milandu. Chimene chimadabwitsa ambiri a ife n'chakuti makampaniwa amalemba anthu kudakali zaka ziwiri kuti adzayambe ntchito, ndipo ambiri amasankha anthu awo pa vacation scheme, masabata awiri kapena atatu amene wofunsirayo amakhala muofesi mwawo nthawi ya tchuthi, iwo akuona kagwiridwe kake ka ntchito. Mafomu ambiri amatsegulidwa mu Seputembala kapena Okutobala n'kutsekedwa pakati pa Novembala ndi Januwale, ndipo makampani ena amawerenga mafomu akangofika, kotero kuti wodikira tsiku lomaliza amapeza malo atatha kale.

Pakati pa kupatsidwa malo ndi kuyamba ntchito pali mayeso. Mu 2021 bungwe loyang'anira ma solicitor, la Solicitors Regulation Authority, linayambitsa mayeso a SQE kuti alowe m'malo mwa njira yakale ya LPC. Gawo loyamba lili ndi mapepala awiri, lililonse la mafunso 180 osankha yankho limodzi mwa asanu, ndipo gawo lachiwiri lili ndi ntchito 16 zoyesa luso, monga kufunsa kasitomala, kuyankhula ngati uli pamaso pa woweruza, kufufuza malamulo ndi kulemba zikalata. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti digiri ya kunja imaloledwa malinga ngati ikufanana ndi ya kuno, ndipo makampani akuluakulu amalipirira okha maphunziro okonzekera mayesowa, n'kuwonjezerapo kandalama kodyera.

Mayina amene aliyense amawathamangira ndi a makampani asanu otchedwa Magic Circle: Clifford Chance, Freshfields, Linklaters, Slaughter and May, ndi Allen & Overy, yomwe mu Meyi 2024 inaphatikizana ndi Shearman & Sterling ya ku America n'kukhala A&O Shearman. M'chaka chomwecho malipiro a loya wongomaliza kumene training contract m'makampani a gululi anafika £150,000 pachaka, ndipo makampani ena a ku America amene ali ndi maofesi ku London amapereka zoposa pamenepo. Ndalama imeneyi ukaitembenuza kukhala makwacha mutu umazungulira, ndipo sindibisa kuti m'chaka choyamba maso anga anali pa iyoyo basi. Chimene sindinachiganizire n'chakuti ndalamayo imachokera m'thumba la kasitomala, amene amalipira nthawi ya loya yolembedwa m'timagawo ta mphindi 6, ndipo kasitomala wolipira chonchi safuna kumva mbiri ya lamulo, afuna kudziwa ngati agule kapena asagule, abwereke kapena asabwereke. Mafunso onse amene makampaniwa amafunsa achinyamata amachokera pamenepa, koma ine ndinazizindikira mochedwa.

Cholakwa changa choyamba chinali pa fomu. Pafupifupi fomu iliyonse imafunsa zinthu zitatu m'mawu osiyanasiyana: chifukwa chimene ukufunira malamulo a zamalonda, chifukwa chimene wasankhira kampani yawoyo, ndi chimene unachitapo chosonyeza kuti ungaikwanitse ntchitoyo, ndipo yankho lililonse amaliikira malire a mawu ngati 250 kapena 300. Ine ndinalemba yankho limodzi lokoma, lotamanda kampani kuti ndi yotchuka padziko lonse ndiponso kuti imasamalira anthu ake, kenaka n'kumangosintha dzina. Mnzanga wina wa ku Ghana, amene anali atapeza kale malo, anatenga pepala langa tili mulaibulale, naphimba dzina la kampani ndi chala chake chachikulu, nandifunsa ngati ndingamuuze kuti mawu otsalawo akunena kampani iti. Ndinayang'ana pepalalo kwa kanthawi, koma ndinalibe choyankha.

Anandionetsanso china chimene ine sindikanachiona ndekha. Kwathu kalata yofunsira ntchito imayamba ndi kudzichepetsa, ndipo munthu wotchula yekha zimene wachita timamuona ngati wosaleredwa bwino. Chifukwa cha chimenecho, paliponse pamene ntchito inagwiridwa ndi ine ndinkalemba kuti tinagwira monga gulu. Wowerenga fomu kuno amafunafuna chimene mwini fomuyo anachita ndi manja ake: vuto linali lotani, iye anachitapo chiyani, zotsatira zake zinali zotani. Akapeza kuti zonse zinachitidwa ndi gulu, amaganiza kuti iwe unangotsatira anzako. Panalinso nkhani ya MSCE, imene ndimaseka ndikaikumbukira. Mabokosi a pa fomu anawakonzera mayeso a GCSE ndi A-level, ndipo pa GCSE giredi yapamwamba ndi 9, yotsikitsitsa ndi 1. Ine ndinkadzaza ma 1 ndi ma 2 anga monyadira, osafotokoza kuti kwathu 1 ndiye wapamwamba, ndipo mpaka lero sindikayika kuti wina anawaona n'kuganiza kuti ndinalephera pafupifupi phunziro lililonse. Mafomu ambiri amakhala ndi bokosi la zowonjezera, ndipo ziganizo ziwiri m'menemo zimathetsa vutoli.

Ukadutsa pa fomu pamabwera mayeso a pa intaneti, ndipo otchuka kwambiri ndi a Watson Glaser, a mafunso ngati 40 m'mphindi ngati 30. Amakupatsa kandime, n'kukufunsa ngati mfundo inayake ikuchokeradi m'kandimeko, ngati wolemba wangoganizira chinthu chimene sanachinene, kapena ngati mtsutso winawake uli ndi mphamvu. Msampha wake ndi wakuti zimene ukudziwa kuchokera kunja uyenera kuzisiya pakhomo, n'kuyankha malinga ndi zolembedwazo basi, ngakhale zikutsutsana ndi zimene ukudziwa kuti n'zoona. Mankhwala ake ndi kuyeserera kambirimbiri uli ndi wotchi pambali. Makampani ena amawonjezera intavyu yojambula, pamene funso limaoneka pa kompyuta, iwe n'kupatsidwa masekondi ochepa oganiza, kenaka n'kuyankha poyang'ana kamera popanda munthu wokumvetsera. Ndinadzijambula pa foni kangapo ndisanaichite, ndipo ndinapeza kuti ndimathera theka la nthawi m'malonje ndisanafike pa mfundo.

Chinthu chimene chinandizunza kwambiri ndi chimene amachitcha commercial awareness, kutanthauza kumvetsa mmene malonda amayendera. M'chaka choyamba ndinkaganiza kuti n'kuloweza mitu ya nkhani za mu nyuzipepala ya zamalonda ya Financial Times, ndipo ndinali ndi kope lodzaza ndi mayina a makampani amene agulana ndi mitengo yake, zinthu zimene ndinkatha kuzilakatula ngati ndakatulo ya kupulayimale koma osatha kunena tanthauzo lake kwa aliyense. Amene ananditsegula maso ndi malume anga, amene sanaphunzirepo zamalamulo. Iwo ali ndi sitolo ya zipangizo za galimoto ku Limbe, ndipo katundu wambiri amaoda ku Johannesburg. Mu Novembala 2023, banki yaikulu ya Reserve itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, anandiimbira foni usiku mawu ali otsika. Anali atatenga katundu pa ngongole yowerengedwa mu ma rand, yoti abweze pakatha miyezi iwiri, ndipo theka la katunduyo anali atagulitsa kale pa mtengo wakale wa makwacha. Anati: "Mphwanga, iwe wophunzira malamulo, tandiuza, kodi kutayika kumeneku n'kwanga ndekha, kapena mwini katundu asenzeko?" Ndinawafunsa chimene chinalembedwa pa pepala la mgwirizano wawo, ndipo anayankha kuti panalibe pepala lina koma invoisi.

Titamaliza kuyankhula ndinakhala pabedi ndi kope langa lija, ndipo ndinaona kuti funso la malume ndi lomwelo limene kampani ya mabiliyoni imabweretsa kwa maloya a ku London, kungoti manambala ake ndi aakulu. Wolipira ndani, alipira m'ndalama ya dziko liti, alipira liti, ndipo zinthu zikasokonekera asenze ndani? Loya wa zamalonda amalipidwa kuti mafunso amenewa ayankhidwe papepala tsoka lisanagwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kulemba mitu ya nkhani; ndinkatenga nkhani imodzi pa sabata n'kuifunsa mafunso a malume, kenaka n'kuwonjezera lachisanu, lakuti ndi dipatimenti iti ya kampani ya maloya imene ipezepo ntchito.

Chitsanzo chimene chinali pakamwa pa aliyense nthawi imeneyo chinali chiwongoladzanja. Banki yaikulu ya kuno, Bank of England, inachikweza kuchoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023. Kale ndikanangotchula manambalawo n'kukhala chete. Tsopano ndinkatha kupitiriza: amene amagula makampani ndi ndalama zobwereka aona kuti ngongole yadula, choncho agula mochepa kapena akakamira kuti mtengo utsike, ndipo dipatimenti ya kugula ndi kugulitsa makampani ichepekedwa ntchito, koma makampani amene anabwereka nthawi yotchipa ayamba kulephera kubweza, ndipo maloya okonza ngongole za makampani ogwa atanganidwa. Chimodzimodzinso nkhani ya Microsoft, imene inkagula kampani yopanga magemu ya Activision Blizzard pa mtengo wa pafupifupi madola 69 biliyoni. Bungwe la Britain loona za mpikisano pa malonda, la Competition and Markets Authority, linakana kuvomereza mu Epulo 2023, ndipo linadzavomera mu Okutobala Microsoft italola kuti ufulu woulutsa magemu a Activision pa intaneti upite ku kampani ya Ubisoft. Phunziro limene ndinatengapo ndi la nthawi: ngati boma lingachedwetse malonda miyezi yambiri chonchi, pangano liyenera kunena kuti mbali ziwirizo zidzadikirana kufikira liti, ndiponso kuti wolipira ndani malondawo akadzalephereka.

Njira yomweyi inandithandiza kusankha kofunsira. Ndinazindikira kuti nkhani zambiri za ndalama za m'chigawo chathu zimathera ku London, chifukwa mapangano ambiri a ngongole ndi a migodi amalembedwa potsatira malamulo a England. Dziko la Zambia linalephera kubweza ngongole ya ma Eurobond, imene boma linatenga pamisika ya ndalama yakunja, mu Novembala 2020, ndipo zokambirana zake zinatenga zaka zoposa zitatu. Mlandu wa Mozambique wokhudza ngongole zobisika za pafupifupi madola 2 biliyoni unayamba kumvedwa ku High Court ya ku London mu Okutobala 2023. Mu 2019 Supreme Court ya United Kingdom inalola anthu oposa 1,800 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola kusumira kampani ya Vedanta kuno pa nkhani ya kuipitsidwa kwa madzi ndi mgodi wa Nchanga wa kampani yake ya Konkola Copper Mines. Ndinasankha makampani amene ali ndi ntchito yeniyeni ya ngongole zomangira zinthu zikuluzikulu ndi ya migodi mu Africa, ndipo pa fomu ndinatchula ntchito imodzi imene kampaniyo inagwira, chimene chinali chovuta m'ntchitoyo, ndi chifukwa chimene munthu wokulira m'dziko losowa ndalama zakunja angachimvetse msanga. Chenjezo langa pamenepa ndi lakuti musalembe kuti mukufuna kuthandiza Africa. Kampani ya maloya si bungwe lachifundo, ndipo mawu otero amaonetsa kuti simunamvetse kumene mukufunsira.

Makampani awiri amene anandiitana anali ndi tsiku lofanana la mayeso, lotchedwa assessment centre. Umafika m'mawa, amakupatsa chikwama cha mapepala onena za kasitomala wongopeka amene akufuna kugula kampani ina, ndipo pakatha mphindi zosakwana ola limodzi uyenera kulemba malangizo kapena kukawafotokoza pamaso pa partner, mmodzi wa eni kampani ya maloyayo. M'mapepalamo amabisamo zinthu: pangano lalikulu limene lingathetsedwe mwini kampani akasintha, mlandu umene uli kukhoti, fakitale imene lendi yake ikutha chaka chamawa. Sayembekeza kuti udziwe malamulo onse, koma kuti uone kuti wogula masheya amatenga kampani ndi ngongole zake zonse, pamene wogula katundu wa kampani amasankha zimene afuna. Ndipo kuti vuto likapezeka pofufuza, pamene iwo amati due diligence, pali njira zingapo zolitchingira, monga kutsitsa mtengo, kumuuza wogulitsa alonjeze papepala kuti zinthu zili monga wanenera, kapena avomere kudzabweza ndalama mlanduwo ukadzaluza.

Pa kampani yoyamba zonsezi ndinaziona, ndipo ndinalangiza kuti kasitomala agule katundu yekha chifukwa cha mlandu uja. Partner wake anali mayi wa imvi pang'ono, amene anandiuza ndikungolowa kuti ndizimutchula dzina lake loyamba, chinthu chimene lilime langa linachikana mpaka kumapeto. Atamva malangizo anga anavula magalasi, nawaika patebulo pafupi ndi tambula ya madzi imene ndinali ndisanaikhudze, nandifunsa ngati ndikutsimikiza, popeza kugula katundu kumafuna kuti pangano lililonse lisamutsidwe palokha. Ine, mwana woleredwa kuti wamkulu akakutsutsa umaweramitsa mutu, ndinavomera pomwepo kuti ndalakwitsa, n'kusintha yankho. Patapita masiku anayi anandiimbira foni kundiuza kuti sindinapambane, ndipo wa kuofesi yolemba anthu anandiwerengera mawu amene mayi aja analemba, akuti yankho langa loyamba linali labwino koma ndinalitaya nditangokankhidwa pang'ono, ndipo kasitomala sangadalire loya wotero. Zinandiwawa, komatu amenewa anali mawu oyamba othandiza amene ndinalandira m'miyezi 15.

Pa kampani yachiwiri, patatha masabata atatu, funso lomwelo linabweranso m'chovala china. Bambo amene ankandifunsa anati mtengo umene ndikufuna utsitsidwe ungakwiyitse wogulitsa n'kuthawitsa malonda onse. Ndinamwa madzi kaye kuti ndipeze mpata, kenaka ndinavomereza kuti mfundo yawo ndi yoona, koma ndinati ndikuimabe pa maganizo anga chifukwa kukula kwa mlanduwo sikukudziwika, ndipo ngati wogulitsa akana kutsitsa mtengo, gawo la ndalamazo lingasungidwe pambali kufikira khoti litagamula. Anandifunsanso za msonkho wa malonda oterowo, ndipo ndinanena poyera kuti lamulo lake sindikulidziwa, koma ndinafotokoza mafunso amene ndikanapita nawo kudipatimenti ya misonkho. Chakumapeto anafuna kumva nkhani ya zamalonda imene yandikhudza posachedwa, ndipo ndinawauza za sitolo ya ku Limbe, ma rand ndi invoisi. Tinathera mphindi khumi pamenepo, iwo akufunsa mmene amalonda amapezera ndalama zakunja mabanki akakhala kuti alibe.

Kampani yachiwiriyi inanditenga pa vacation scheme yake, imene inali ya masabata awiri m'chilimwe cha 2024. Ntchito zimene ndinapatsidwa zinali zazing'ono, monga kuona ngati mawu otanthauziridwa kumayambiriro kwa pangano la masamba 90 agwiritsidwa ntchito mofanana mpaka kumapeto, koma ndinaona kuti amayang'ana ngati wafunsa tsiku loperekera ntchitoyo, ngati walemba zimene wauzidwa, ndiponso mmene ukuyankhulira ndi alembi ndi olandira alendo. Kwa ife ochokera kunja pali nkhani ina yosayenera kuisiyira kumapeto, ya viza. Graduate visa, imene inayamba mu Julayi 2021, inandipatsa zaka ziwiri nditamaliza maphunziro, koma kuti ndidzagwire training contract pafunika kuti kampani indiimire pa Skilled Worker visa. Makampani akuluakulu ambiri amachita zimenezi, ang'onoang'ono ambiri satero, ndipo mndandanda wa olemba ntchito ololedwa uli pa tsamba la boma la gov.uk, malamulo a viza amasintha pafupipafupi, choncho muziwerenga pomwepo musanathere masabata pa fomu ya kampani imene singakutengeni.

Foni yondiuza kuti ndapatsidwa malo inandipeza ndili m'basi, ndipo ndinatsika pa siteji yolakwika. Madzulo ake ndinaimbira amayi kumudzi n'kuwafotokozera zonse, za zaka ziwiri zodikira, za SQE, za ma seat anayi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa kuti ndidzawatumizira liti chithunzi nditavala wigi ndi mkanjo wakuda ngati maloya a ku High Court ku Blantyre. Ndinawauza kuti ntchito yanga idzakhala ya muofesi ndipo mwina kukhoti sindidzapondako. Anakhala chete pang'ono, nati ndiwauze malume zimenezo, chifukwa iwo auza kale anthu onse a ku Limbe kuti mphwawo akubwera kudzawaimira pa mlandu wa ma rand.